Tobiti mulibe m'Buku Lopatulika: anachotsa ndani, anawonjezera ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Dedza. Ndaifupikitsa, ndipo dzina ndasunga monga anapemphera.

"Ine ndinakulira mu CCAP koma bambo a kunyumba ndi Akatolika. Mwezi watha tinali ku ukwati wa mlamu wanga ku parishi, ndipo wowerenga mawu anati akuwerenga m'buku la Tobiti. Ndinatsegula Buku Lopatulika langa, kufunafuna mpaka iye anamaliza, osalipeza. Titafika kunyumba nkhani inakula. Iwo akuti Martin Luther anachotsa mabuku 7 m'Baibulo chifukwa ankamutsutsa. Ine ndinaphunzitsidwa kuti Akatolika ndiwo anawonjezera, ndipo Chivumbulutso 22 chimatemberera wowonjezera. Akunama ndani? Nanga ana athu tiziwawerengera Baibulo liti?"

Mayi, zikomo polemba. Ndiyambe ndaulula mbali yanga kuti musadzati ndinabisa: inenso ndinakulira m'nyumba ya Buku Lopatulika, ndipo mpaka lero ndikaima pa gome ndimalalikira kuchokera m'mabuku 66. Komabe yankho langa silikukomerani inu nokha. Pa mlandu uwu inu ndi bambo mwagwira mbali ya choonadi aliyense, ndipo nonse mwaphonya pena. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo uwu ndiye umboni wake, chifukwa unalipo kale zaka zoposa 1,000 Luther asanabadwe.

Chipangano Chatsopano chilibe mkangano: mabuku ndi 27 kwa tonse. Kusiyana kuli m'Chipangano Chakale, kumene ife tili ndi 39 ndipo Akatolika ali ndi 46. Mabuku 7 amenewo ndi Tobiti, Yuditi, Luntha, Mphunzitsi (lolembedwa ndi Yesu mwana wa Sira, osati Mlaliki amene timamudziwa tonsefe), Baruki, ndi mabuku awiri a Amakabeo. Palinso ndime zina zoonjezera m'buku la Estere ndi la Danieli, monga nkhani ya Suzana. Apulotesitanti amawatcha Apokirifa, Akatolika amawatcha a Dyuterokanoniko, kutanthauza a m'ndandanda wachiwiri. Dzina limene munthu wasankha limaulula kale tchalitchi chimene amapemphera.

Mabuku athu 39 ndi omwewo amene ali m'Baibulo la Ayuda la Chihebri. Iwo amawerenga 24, koma chimanga chake n'chimodzimodzi, kungoti wina akuwerenga matumba wina akuwerenga ndowa: aneneri aang'ono 12 amawatenga ngati buku limodzi, Samuele limodzi, Mafumu limodzi, Mbiri limodzi, Ezara ndi Nehemiya limodzi.

Nanga ena 7 aja anachokera kuti? Kwa Ayuda omwewo. Alexander Wamkulu atagonjetsa maiko a kum'mawa, Chigriki chinakhala chiyankhulo cha pamsika ndi kusukulu. Mu mzinda wa Alexandria ku Egypt munali Ayuda ambiri amene ana awo Chihebri sankachimvanso, monga ana ena obadwira ku Johannesburg amene agogo akawayankhula Chichewa amangomwetulira. Choncho kuyambira cha m'ma 250 Khristu asanabadwe, Malemba anayamba kumasuliridwa m'Chigriki. Mbiri yopatsirana imati omasulira anali 72, ndipo dzina loti Septuagint linachokera pamenepo. M'zaka zomwezo Ayuda analembanso mabuku ena, ena m'Chihebri kapena Chiaramu, ena m'Chigriki, ndipo ankawerengedwa pamodzi ndi akale aja. Kuti ena analembedwa m'zinenero za Ayuda si nkhambakamwa: zidutswa za Tobiti za Chiaramu ndi Chihebri zinapezeka m'mapanga a ku Qumran pafupi ndi Nyanja Yakufa, ndipo Mphunzitsi wa Chihebri anapezeka m'chipinda chosungiramo mabuku akale cha sunagoge wa ku Cairo mu 1896, kenako pa linga lakale la Ayuda la Masada.

Mpingo woyamba unakula m'Chigriki, ndipo atumwi akamatchula Chipangano Chakale kawirikawiri mawu awo amatsata Septuagint. Mabaibulo akale kwambiri amene tili nawo athunthu kapena pafupifupi athunthu, a m'zaka za m'ma 300 ndi 400, ali ndi mabuku amenewa osakanikirana ndi ena. Koma taonani ichi: sagwirizana okhaokha. Lotchedwa Vaticanus lilibe Amakabeo ngakhale limodzi. Sinaiticus lili ndi 1 ndi 4 Amakabeo. Alexandrinus lili ndi mabuku anayi a Amakabeo, osati awiri okha aja. Ndiye amene angakuuzeni kuti panali Baibulo limodzi lomangidwa bwino chiyambire, lomwe wina anadzang'ambako masamba kapena kusokererapo ena, akukuuzani nthano. Pamenepa ndionjezere kuti nkhani yofala pa WhatsApp yoti mfumu Constantine ndi msonkhano wa ku Nicaea wa mu 325 ndiwo anasankha mabuku a m'Baibulo ndi yabodza. Ku Nicaea ankakambirana za umulungu wa Khristu ndi tsiku la Pasaka.

Mu 367 Athanasius, bishopu wa ku Alexandria, analemba kalata ya Pasaka momwe muli mndandanda wakale kwambiri wa mabuku 27 a Chipangano Chatsopano monga tili nawo lero. Za Luntha, Mphunzitsi, Yuditi ndi Tobiti anati si a m'ndandanda, koma makolo analamula kuti ongotembenuka kumene aziwawerenga. Apulotesitanti timakonda kutchula kalata imeneyi. Chimene sititchula n'choti m'gulu lomwelo la kunja anaikamonso Estere, pamene Baruki anamulowetsa mkati.

Mkangano weniweni unali pakati pa akuluakulu awiri, Jerome ndi Augustine. Jerome anali katswiri wa zinenero, wamkamwa mowawa, amene anakakhala ku Betelehemu, naphunzira Chihebri kwa Ayuda, n'kumasulira Chipangano Chakale m'Chilatini kuchokera ku Chihebri chenichenicho. Iye anati buku limene Ayuda alibe likhoza kuwerengedwa kuti anthu alimbikitsidwe, koma lisagwiritsidwe ntchito potsimikiza chiphunzitso. Tobiti ndi Yuditi anawamasulira anzake atamukakamiza, ndipo mwini wake analemba kuti Tobiti anamugwirira tsiku limodzi, Yuditi usiku umodzi. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, anati ayi: Baibulo limene mipingo yakhala ikuwerenga chiyambire ndilo Baibulo la mpingo, ndipo munthu mmodzi asasunthe malire chifukwa choti waphunzira Chihebri.

Pali kankhani kena m'makalata awo kamene kamandiseketsa nthawi zonse. Augustine anamuuza Jerome kuti bishopu wina wa ku Oea, komwe lero ndi Tripoli, anawerenga m'tchalitchi buku la Yona m'kamasuliridwe katsopano ka Jerome. Atafika pa chomera chija chinamuchitira Yona mthunzi, anthu anamva dzina lachilendo. Anazolowera kumva chomera cha mtundu wa mphonda, apa akumva chomera china choyanga. Mpingo unabuka, phokoso lokhalokha, mpaka bishopuyo anabwerera ku mawu akale poopa kutsala yekha m'tchalitchi. Mawu amodzi okha! Buku Lopatulika lathu pamalo pomwepo limati msatsi, ndipo akatswiri ambiri a Chihebri lero amaganiza kuti chomeracho chinalidi msatsi. Ndiye musadabwe kuti Tobiti anakusowetsani mtendere m'nyumba. Akhristu akhala akukangana pa zocheperapo.

Ku Africa kuno maganizo a Augustine ndiwo anapambana. Misonkhano ya mabishopu ya ku Hippo mu 393 ndi ku Carthage mu 397 ndi 419 inalemba mndandanda wokhala ndi mabuku aja mkati. Mabaibulo a Chilatini anawasunga kwa zaka zoposa 1,000, ndipo msonkhano wa ku Florence mu 1442 unawatchulanso. Koma maganizo a Jerome sanafe, chifukwa mawu ake oyamba a mabuku ankakopedwa pamodzi ndi Baibulolo. Ngakhale Kadinala Cajetan, yemwe Papa anamutuma kukamufunsa Luther mafunso ku Augsburg mu 1518, pa nkhani ya mabukuwa ankatsata Jerome.

Tsopano tifike kwa Luther, amene bambo akumuimba mlandu. Pali pamene akunena zoona. Mu 1519 ku Leipzig, Luther anatsutsana poyera ndi katswiri wa Chikatolika Johann Eck, ndipo nkhani ya purigatoriyo (kumene Akatolika amati akufa amayeretsedwa asanalowe kumwamba) itabuka panatchulidwa 2 Amakabeo 12. M'mutu umenewo Yudasi Makabeo akupeza kuti asilikali ake amene anafa kunkhondo anali atavala zithumwa za mafano m'kati mwa malaya. Akusonkhetsa ndalama zasiliva 2,000 n'kuzitumiza ku Yerusalemu kuti akawaperekere nsembe yopepesera machimo, ndipo wolemba bukulo akumuyamikira. Luther anayankha kuti bukulo si la m'ndandanda, choncho silingatsimikize chiphunzitso. Ndiye kunena kuti mkangano wa chiphunzitso unalibe gawo pa nkhaniyi kungakhale kunama. Unali nalo. Ndipo Luther anali munthu wa mawu akuthwa pa mabuku: kalata ya Yakobo anaitcha ya udzu, ndipo Ahebri, Yakobo, Yuda ndi Chivumbulutso anawaika kumapeto kwa Chipangano Chatsopano chake cha mu 1522.

Koma kuchotsa sanachotse. M'Baibulo lake lathunthu la Chijeremani la mu 1534 mabuku aja alimo, omasuliridwa bwinobwino, ataikidwa pakati pa Chipangano Chakale ndi Chatsopano, ndi mawu apamwamba onena kuti safanana ndi Malemba Oyera koma ndi othandiza ndi abwino kuwerenga. Ameneyu ndi Jerome wangobwera ndi malaya ena.

Inunso pali pamene mwalasa. Mpingo wa Katolika unatseka nkhaniyi kotheratu pa 8 April 1546 ku msonkhano wa ku Trent, Luther atangomwalira kumene, ndipo unaika temberero pa wokana mabukuwa. Isanafike nthawiyo Mkatolika wophunzira ankatha kutsata Jerome popanda kumuona ngati wampatuko. Koma kutseka chitseko si kumanga nyumba. Mabukuwo anali akuwerengedwa pa Misa kwa zaka mazana ambiri Trent isanakhaleko, ndiye mawu oti "anawonjezera mu 1546" sakuima.

Nanga anatuluka liti m'Mabaibulo athu? Pang'onopang'ono, ndipo pomaliza inali nkhani ya ndalama zosindikizira. Baibulo la King James la mu 1611, limene ena amalumbirira kuti ndilo lokhalo loona, linatuluka ndi Apokirifa mkati. Chivomerezo cha Belgic cha mu 1561, chimene mpingo wa Dutch Reformed umatsata, chimati mpingo ukhoza kuwawerenga ndi kutengamo malangizo malinga ngati akugwirizana ndi mabuku a m'ndandanda. Aangilikani m'mfundo ya 6 ya chikhulupiriro chawo amati amawawerenga kuti atengemo chitsanzo cha moyo, osati kukhazikitsa chiphunzitso, ndipo mpaka lero amawawerenga m'tchalitchi. Amene anaumitsa khosi anali a Chivomerezo cha Westminster cha m'ma 1640, chimene Apresbateria a ku Scotland anachilandira: iwo anati mabukuwa asatengedwe mosiyana ndi zolemba zina za anthu. Zidzukulu zawo ndizo zinamaliza ntchito. M'zaka za m'ma 1820 anthu a ku Edinburgh, mmodzi wa iwo Robert Haldane, anakwiya atamva kuti zopereka zawo ku British and Foreign Bible Society ya ku London zikusindikiziranso Mabaibulo okhala ndi Apokirifa opita ku maiko ena a ku Ulaya. Mkangano unakula mpaka mu 1826 bungwelo linalamula kuti ndalama zake zisasindikizenso mabukuwa. Popeza mabungwe amenewa ndiwo ankatumiza Mabaibulo otsika mtengo m'maiko onse a mishoni, Baibulo la mabuku 66 opanda chapakati ndilo linafika kwa agogo athu.

Apa ndi pamene mbiriyi ikulowa m'chikwama chanu, mayi. Buku Lopatulika linatuluka lathunthu mu 1922, ntchito yaikulu itagwiridwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed pamodzi ndi Amalawi amene ankamuthandiza, mogwirizana ndi amishoni a ku Scotland. Anthu a miyambo imeneyo sakanaikamo Tobiti, ndipo osindikiza ake sakanalipira. Akatolika anadzatulutsa lawo, Malembo Oyera, mu 1966, lomasuliridwa ndi wansembe wa ku France, Bambo Louis Villy. Kenaka mu 1998 kunatuluka Buku Loyera, limene Akatolika ndi Apulotesitanti anamasulira atakhala pa tebulo limodzi, lija limati Chauta pamene Buku Lopatulika limati Yehova. Limeneli limapezeka mitundu iwiri, lina la mabuku 66, lina lokhala ndi ena aja.

Za Chivumbulutso 22:18-19 ndikupemphani muchotse mantha. Yohane akunena za "mawu a chinenero cha buku ili", ndipo buku limene anali nalo m'manja linali Chivumbulutso chomwecho. Pa nthawiyo panalibe Baibulo lomangidwa pamodzi ndi chikuto, inali mipukutu yosiyanasiyana. Chenjezo lofanana lili pa Deuteronomo 4:2, ndipo palibe amene amati Yoswa ndi Yesaya ndi otembereredwa chifukwa analemba Mose atatha. N'zoona kuti Mawu a Mulungu sitiwonjezera kapena kuchotsa. Koma vesi limeneli silikutiuza kuti mabukuwo ndi angati, ndipo bambo akhoza kukutembenuzirani lomwelo, chifukwa limatembereranso wochotsa. Mukatero mudzangogendana ndi mwala umodzi usiku wonse.

Mwina mukufunsa kuti nanga ine ndimakhaliranji pa 66. Zifukwa zanga ndi izi. Paulo pa Aroma 3:2 akuti Ayuda ndiwo anasungitsidwa mawu a Mulungu, ndipo Ayuda mabukuwa sanawalandire m'ndandanda wawo ngakhale anawalemba okha. Yesu pa Luka 24:44 akutchula Chilamulo cha Mose, Aneneri ndi Masalimo, zomwe zikufanana ndi magawo atatu a Baibulo la Chihebri. Palibe pamene Yesu kapena mtumwi akunena kuti "kwalembedwa" n'kutchula Tobiti kapena Yuditi. Ndipo mabuku ena mwa amenewa amadziyankhulira okha modzichepetsa: 1 Amakabeo 9:27 akunena za nthawi imene aneneri analeka kuoneka, ndipo wolemba 2 Amakabeo akutsiriza ndi kupepesa kuti ngati walemba mosakoma, ndi pomwe nzeru zake zinafika. Yeremiya sanayankhulepo choncho.

Koma ndisakunamizeni kuti zifukwazi zilibe pozigwira. Mfundo yoti "sanatchulidwe m'Chipangano Chatsopano" ndi yofooka payokha, chifukwa Estere ndi Nyimbo ya Solomo nawonso sanatchulidwe, pamene Yuda 14-15 akutchula buku la Enoki limene inu ndi bambo nonse mulibe. Amene ali nalo ndi a mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia, omwe amawerenga mabuku 81, ndiye kwa iwo ngakhale bambo Baibulo lawo ndi loperewera. Ndipo Mkatolika wodziwa mbiri adzakufunsani funso lolemera: msonkhano wa ku Carthage womwe unatchula Tobiti ndi womwewo unatchula mabuku 27 a Chipangano Chatsopano, ndiye mukuukhulupirira bwanji pa ichi n'kuukana pa icho? Yankho lathu ndi loti mpingo sunapange Malemba, unangowazindikira, ndipo pozindikirapo ukhoza kuphonya. Akatolika amati Mzimu amene anauzira Malemba ndi yemweyo amatsogolera mpingo kuti usaphonye pa nkhani yotere. Phata la mkangano wanu lili pamenepo, pa ulamuliro wa mpingo, osati pa wakuba wina amene anang'amba masamba usiku. Nkhani imeneyo simungaimalize patsiku la ukwati wa mlamu.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'choti ife tinapitirira pamene Luther ndi Chivomerezo cha Belgic anaima. Iwo anati werengani koma musamangirepo chiphunzitso, ife tinamva kuti musakhudze n'komwe. Zotsatira zake timatsegula tsamba kuchoka pa Malaki kufika pa Mateyu ngati padutsa usiku umodzi, chonsecho ndi zaka pafupifupi 400. Pa Yohane 10:22 Yesu akuyenda m'Kachisi nthawi ya chikondwerero cha kukonzanso Kachisi. Funafunani m'mabuku athu 39, chikondwerero chimenecho simuchipeza. Chili pa 1 Amakabeo 4: mfumu Antiochus Epiphanes inadetsa Kachisi mu 167 Khristu asanabadwe, Yudasi ndi abale ake anamenya nkhondo, ndipo mu 164 anamuyeretsa. Ayuda amachikumbukira mpaka lero, amachitcha Hanukkah. Pa Ahebri 11:35 timawerenga za ena amene anazunzidwa nakana kumasulidwa kuti akalandire kuuka koposa. Akatswiri ambiri, Apulotesitanti omwe, amaona kuti wolembayo ankaganiza za 2 Amakabeo 6 ndi 7, kumene mayi wina anaonerera ana ake aamuna 7 akuphedwa tsiku limodzi chifukwa chokana kudya nkhumba, iye akuwalimbikitsa m'chinenero cha makolo awo. Ndinawerenga mutu umenewo ndili wamkulu kale, ndipo ndinadandaula kuti palibe anandionetsa ndili ku Sande sukulu.

Ndiponso Mphunzitsi 38 amati lemekeza sing'anga chifukwa Ambuye ndiwo anamulenga, ndipo munthu wanzeru sanyoza mankhwala. Amatinso ukadwala pemphera, kenaka umupatse malo sing'anga. M'masiku ano a aneneri ouza odwala kuti ataye mankhwala a kuchipatala, mutu umenewo ndikanakonda utamatidwa pa zitseko za matchalitchi ena. Sindikufuna kuti ukhale Malemba kuti ndiuvomereze, monganso sindifuna kuti nyimbo ya m'buku la nyimbo ikhale Malemba kuti indilimbikitse.

Pali malo amene mudzaima n'kukanda m'mutu, ndikuchenjezeretu. Tobiti 12:9 amati zachifundo zimapulumutsa ku imfa ndi kuchotsa machimo, ndipo inu woleredwa ndi Katekisima mudzafuna kuliika pambali pa Aefeso 2:8-9. Yuditi akuyamba ndi kutcha Nebukadinezara mfumu ya Aasiriya ya ku Ninive, pamene tonse tikudziwa kuti anali wa ku Babiloni, n'chifukwa chake akatswiri ambiri, Akatolika omwe, amalitenga ngati nkhani yophunzitsa osati mbiri. Pamenepo kambiranani ndi bambo mofatsa, aliyense anene mmene kwawo amamvera.

Za ana, ine ndikanakhala inu ndikanagula Buku Loyera lokhala ndi mabuku onse, kuti pa mapemphero a madzulo m'nyumba mukhale buku limodzi lomwe nonse mungatsegule. Mabuku 66 amene mumagwirizana ndi okwanira kuwawerengera mpaka atakula. Akadzafunsa za enawo, auzeni zoona: kwa atate anu amawalandira ngati Malemba, kwathu timawawerenga ngati mabuku abwino akale, ndipo kusiyanaku kunayamba kalekale ndi akuluakulu awiri amene onse ankakonda Khristu. Buku Lopatulika lanu musalitaye, muzipita nalo ku Chigwirizano monga kale.

Inuyo yambani ndi Tobiti yemweyo, ali ndi mitu 14 yokha, mumaliza madzulo awiri. Zimene munamva ku ukwati zija ziyenera kuti zinali za m'mutu 8, pemphero la Tobiyasi, mwana wa Tobiti, ndi Sara usiku wa ukwati wawo, limene limawerengedwa kawirikawiri pa maukwati a Chikatolika. Koma kuti mulimve kukoma muyambire kumayambiriro, mudziwe chifukwa chimene atate a mkwatibwi anadzukira usiku womwewo kukakumba manda a mkamwini wawo. Mulinso galu amene akuperekeza Tobiyasi ulendo wonse, kupita ndi kubwerera. Mukamupeza mundilemberenso, mundiuzenso zimene bambo anena za kadinala uja.